Zomanga za kumtunda zikusintha mtsinje wa Chongwe

Mtsinje wa Chongwe, umene anthu a m'tauni ya Chongwe amadalira pa madzi akumwa, umalandira ena mwa madzi ake kucokera ca ku Lusaka. Mtsinje wa Ngwerere umatenga madzi a mvula a mumzinda, kuphatikizapo a m'ngalande yaikulu ya Bombay, pamene wa Chalimbana umayambira ku nkhalango ya Lusaka East, yodziwika kuti Forest 27. Yonse iwiri imathira mu Chongwe.

Nthaka ya m'nkhalango imamwa madzi a mvula ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'akasupe, ngakhale mvula italeka. Koma pamalo pakadzala nyumba za malata ndi misewu ya phula, madziwo amathamangira kumtsinje tsiku lomwelo, nasefukira m'minda ya anthu a kumunsi. Pofika mwezi wa Okutobala mtsinje umakhala utaphwa. Kusintha kwa nyengo kukukulitsa mavuto onse awiri: mvula ikumagwa yamphamvu m'masiku ocepa, ndipo cilala ca mu 2024 cinafika poti Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse.

Forest 27 inacotsedwa pa nkhalango zotetezedwa mu 1983, ndipo inabwezeredwa mu 1996 anthu a ku Chalimbana atadandaula. Kuyambira mu 2017 mbali zina zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba.

Lamulo loyendetsera kagwiritsidwe nchito ka malo, la Urban and Regional Planning Act la mu 2015, limafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani yosonyeza pomanga, polima ndi poyenera kusiyidwa. Povuta ndi pakuti malo ambiri m'boma la Chongwe ndi a mafumu, pansi pa Mfumukazi Yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, ndipo m'midzi ogawa malo ndi anyakwawa. Lamulolo limalola khonsolo kupangana ndi mafumu za kagawidwe ka malo oterewa, koma pangano la papepala silithandiza ngati madambo ndi magombe a mitsinje sanaikidwe malire oti aliyense awadziwe.

Kumene malirewo kulibe, munthu wocokera ku Lusaka amaonetsedwa puloti youma bwino mu Seputembala, nalipira, nayamba kumanga. Zoti anagula pakati pa dambo amazidziwa mu Januwale, madzi atalowa m'nyumba.