Kalata yantchito imapita kumpando, osati kwa munthu

Mphwanga wina adalemba kalata yofunsira ntchito ya ukalaliki. Pa envulopu adalembapo dzina la bwana yemwe ankadziwana naye pa ofesipo, ndipo malonje ake adali akuti "Okondedwa Achimwene." Mwatsoka, bwanayo n'kuti atasamutsidwa. Anthu ankayesa kalatayo ndi yachinsinsi, choncho idangokhala osatsegulidwa mpaka tsiku lomaliza kulandira makalata lidadutsa.

Phunziro lake ndi lakuti kalata yantchito timalembera udindo. Munthu amasamuka, amapuma pantchito, koma mpando umatsala. Pansi pa keyala yanu ndi tsiku, lembani udindo wa wolandira: Mphunzitsi Wamkulu, Mlembi, Mkonzi kapena Bwanamkubwa wa boma la Dedza, kenaka keyala ya ofesiyo. Ngati muli kale pantchito ndipo mukulembera kulikulu, onjezani "Kudzera kwa" ndi udindo wa amene amakuyang'anirani. Kumulumpha n'chimodzimodzi kukasuma kwa gulupu nyakwawa yanu isakudziwa.

Malonje ali ngati odi wapakhomo. "Bwana" kapena "Mayi" n'zokwanira. Ngakhale wolandirayo akhale malume anu enieni, chibale chitsale kunyumba, chifukwa kalatayo idzalowa m'faelo ndipo adzaiwerenga ndi ena. Mafunso a moyo wa ana ndi za mvula ndi a kalata yamchezo.

Maudindo ena ali ndi maitanidwe awoawo. Phungu wa Nyumba ya Malamulo ndi nduna timati Olemekezeka. Ku CCAP timati Abusa, wansembe wa Chikatolika ndi Bambo, episkopi ndi Ambuye, pomwe kumzikiti ndi Shehe. Mafumu nawo amasiyana: Gawa Undi ndi Kalonga, koma Gomani ndi M'mbelwa ndi Inkosi ya Makhosi. Kusokoneza mainawa kumaonetsa kuti simudafunse.

Komanso ulemu si kuunjika matamando. "Olemekezeka Bwana Dokotala Wamkulukulu" zimamveka ngati kunyengerera. Gwiritsani ntchito "inu" ndi "a" kuyambira pamwamba mpaka pansi, lembani mutu wa kalata, nenani chimene mukufuna, basi. Potsiriza lembani "Ine wanu wokhulupirika," sainani, kenaka dzina lanu lonse m'malemba oonekera bwino. Musadzitchule nokha kuti "a Phiri". Ulemu umenewo akupatseni ndi ena.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wofuna thandizo ndinu, choncho musanamate envulopu, yambani mwafunsa udindo weniweni wa amene mukumulembera.