Mawu Akuti "Iye" ndi Nthano ya Le Guin

M'chaka cha 1969 mlembi wa ku America, mayi Ursula K. Le Guin, anatulutsa buku lotchedwa The Left Hand of Darkness. Nthanoyo ndi yopeka, yonena za dziko lozizira la Gethen kumene anthu sali amuna kapena akazi. Thupi limatenga chimodzi mwa ziwirizi masiku owerengeka okha pa mwezi, kotero kuti munthu mmodzi angathe kukhala mayi wa ana ena nakhalanso bambo wa ena. Ngakhale mfumu yeniyeni inatenga pakati.

Tsono Chingerezi chinawatchera msampha mayiwo, pakuti alowam'malo ake amasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Iwo anasankha wachimuna, ndipo owerenga ambiri anaona amuna okhaokha m'nthanomo. Mu 1976 anadziteteza, koma patapita zaka zoposa 10 anasintha maganizo, nadandaulanso kuti sanapereke malo ku chikondi cha anthu ofanana ziwalo.

Chichewa chilibe msampha umenewu, pakuti "iye" ndi aliyense. Komabe mphunzitsi wofuna kumasulira nthanoyi adzapunthwa pa mawu achibale monga "mlongo", amene sanenedwa pokhapokha mmodzi ali mwamuna, winayo mkazi.