Tinyerere tidatsala pang'ono kugwetsa geni ya achemwali

Inu amene mumagulitsa mandasi, zitumbuwa, masikono ndi shuga woyeza pamsika, tamverani izi. Mbala imene idafuna kutidyera mpamba kwathu ku Ndirande sidathyole chitseko kapena kuboola khoma ayi. Tinali tinyerere tachikasu, toti kamodzi kutalika kwake ndi mamilimita 2 okha basi.

Ine ndimakhala ndi achemwali anga m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Iwo amakazinga mandasi usiku, kuwaika m'beseni, kuvundikira ndi nsalu, m'mamawa ulendo wa kumsika. Lendi ndi ndiwo zimachokera m'beseni limenelo, poti za ife atolankhani osalembedwa ntchito n'zovuta: nkhani kutuluka lero, ndalama mwezi wamawa.

Tsiku lina achemwali adabwerako 10 koloko isanakwane, beseni likadali lodzaza. Ati mayi wina, kasitomala wawo wa tsiku ndi tsiku, adanyema ndasi pamaso pa anthu, m'kati muli nyerere mbwee! Mukudziwa nokha mmene mbiri imathamangira pamsika. Mandasi 60 a tsiku limenelo tidawakutumula n'kudya tokha ndi ana a aneba.

Ndidachita zomwe aliyense amachita. Ndidagula chitini cha mankhwala opopera, n'kupopera mzere wonse. Zidafa zambirimbiri, ine n'kumayenda modzitukumula. Patatha sabata zidatulukira malo atatu: kuseri kwa kabati, pamng'alu wa pawindo ndi m'kati mwa wailesi yanga. Tidathira phulusa, zidangolambalala. Tidathira parafini, fulawa yense adanunkha parafiniyo.

Mnzanga wina amene adaphunzira za tizilombo ku Bunda ataziona adandiseka kwambiri. Adati izi zikuoneka kuti ndi nyerere za Farao, mtundu umene wafalikira pafupifupi dziko lonse lapansi pobisala m'katundu wa amalonda. Dzinali adazipatsa ndi katswiri wa ku Sweden, Carl Linnaeus, mu 1758. Sizimanga chulu ngati chiswe. Zimakhala m'ming'alu ya khoma, m'makatoni, ngakhale pakati pa nsalu zopinda, bola pakhale pofunda.

Nachi chimene chidanditsegula m'maso. Nyerere zimene timaziona pamzere ndi zochepa chabe, zotumidwa kukafuna chakudya. Zambiri zili kuchisa, pamodzi ndi mazira ndi zimayi zoikira mazirazo. Ndipo mtundu uwu sukhala ndi mayi mmodzi, umakhala ndi ambiri. Ukapopera mankhwala, zotsala zimanyamula mazira n'kugawikana, gulu lililonse kukayamba mudzi wake. Ndiye kuti ndi ndalama zanga zomwe, ine ndidasandutsa chisa chimodzi kukhala zitatu.

Njira yake, adatero mnzangayo, ndi kuzidyetsa. Poizoni wake akhale wofooka, woti nyerere isafere pomwepo, koma ikafike kaye kuchisa, ikalavulire anzake ndi zimayi zija, poti nyerere zimadyetsana pakamwa. Tidagula ufa woyera uja wotchedwa borax. Theka la supuni yaing'ono m'kapu imodzi ya madzi ofunda, shuga masupuni aakulu atatu. Tidaviika thonje, kuliika m'zitsekerero za mabotolo, n'kuziika m'mbali mwa mzere. Popeza nyererezi zimakondanso za mafuta, kwina tidasakaniza borax pang'ono ndi chiponde.

Apa mpamene padavuta. Masiku awiri oyamba nyerere zidachuluka kuposa kale, zonse kukhamukira pa thonje. Achemwali adatenga tsache, ine kuwagwira dzanja. Ati achimwene mwapenga eti, shuga wogula ndi ndalama mukudyetsa mbala? Tidakangana ndithu. Koma ukasesa kapena kupopera nthawi imeneyi, wapha amtengatenga ako omwe. Ukachulutsanso borax poganiza kuti zifa msanga, zimafera panjira kapena kuikana nyamboyo.

Mandasi tidayamba kuwasunga m'ndowa yotseka bwino, pamwamba pa tebulo limene miyendo yake tidaiponda m'zitini za madzi. Shuga m'botolo lotseka ndi chitsekerero chopotokola. Mbale osagona zosatsuka. Nyerere zikapeza chakudya china, nyambo yako siziiyang'ana.

Sabata yachiwiri mzere udayamba kuonda. Sitidasiye, chifukwa dzira la nyererezi limatenga masiku pafupifupi 40 kuti likhale nyerere yoyenda. Tidasintha thonje masiku atatu alionse kwa masabata 6, kenaka tidamata ming'alu ndi simenti n'kupukuta modutsa mwake ndi madzi a sopo kuti fungo limene zimalondola lithe.

Chenjezo kwa amene muli ndi ana: borax ndi poizoni, muike pobisika, kutali ndi ana, nkhuku ndi chakudya chogulitsa. Choko cha nyerere chija chochokera ku China ine sindichifuna m'nyumba. Muli mankhwala amphamvu, mwana amachiyesa choko cha kusukulu, ndipo ku America n'choletsedwa kugulitsa. Komanso musamati nyerere ilibe matenda. Mu 1972 kafukufuku wa m'zipatala za ku Britain adapeza kuti nyerere za Farao zimanyamula majeremusi, monga a Salmonella otsegula m'mimba.

Mayi uja adabwereranso kwa achemwali patatha mwezi ndi theka. Mpaka lero amayamba wanyema ndasi pakati, kuyang'anitsitsa, kenaka ndiye kumasula mfundo ya chitenje.