Diso Lofooka Limabisala

Kodi munayamba mwafunafuna mwana wanu pamsika wa ku Kawale Loŵeruka m'maŵa? Ali pafupi ndithu, pakati pa madengu a tomato ndi amayi ogulitsa, koma diso lingomlumpha. Akanaima yekha pabwalo mukanamuona msanga.

Umo ndi m'mene maso athu amagwirira ntchito. Timaona bwino pokhapo pamene talunjikitsa diso. Cha m'mbali, zinthu zoyandikana zimasakanikirana. M'chaka cha 1970 katswiri wa ku Netherlands, Herman Bouma, anaonetsa kuti chilembo chokhala cha m'mbali chimadziŵika chikakhala chokha, koma chikapanikizidwa ndi zinzake chimasokonekera. Tayesani: yang'anitsitsani mawu oyamba a mzere uno osasuntha diso, muone ngati mungaŵerenge achinayi.

Kwa ana ena chisokonezochi chimafika ngakhale pamene alunjikitsa diso, makamaka ngati diso limodzi linafooka kuyambira ali aang'ono, monga lija loyang'ana kumbali. Diso lotere lingathe kuzindikira "b" wolembedwa payekha, koma mawu akuti "bambo" m'buku alikanika. Popeza linzake limagwira ntchito yonse, ife makolo sitizindikira kanthu. Mwana akamaŵerenga mochedwa timati ndi ulesi, ena mpaka kuthyola mkwapulo.

Mphimbeni diso limodzi, kenaka linalo, aŵerenge mzere wathunthu, osati chilembo chimodzi. Lina likavutika, pitani naye ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Kamuzu Central. Madokotala amapereka magalasi, kapena amaphimba diso lamphamvu kuti lofookalo lizoloŵere kuona. Chithandizochi chimagwira bwino koposa mwana asanakwanitse zaka 7.