MUNDA WOTSEKEDWA NDI MWANA WOBISIKA

Nkhani yathu ya lero iri ya buku la Cingelezi dzina lace The Secret Garden, ndiko kunena kuti Munda Wobisika. Analilemba ndi mai Frances Hodgson Burnett, wobadwira ku Manchester m'caka ca 1849, ndipo linaturuka m'caka ca 1911.

Bukuli lisimba za Mary Lennox, mtsikana wamasiye amene makolo ace anafera ku India pa mliri wa kolera. Anamtumiza ku Yorkshire kukakhala kwa Archibald Craven, mlamu wa atate ace. Pamenepo anapeza zinsinsi ziwiri. Coyamba ndi munda wozingidwa ndi linga, umene Craven anautseka nakwirira mfungulo yace, cifukwa mkazi wace anagwa mumtengo m'mundamo, namwalira pambuyo pace. Caciwiri ndi Colin, mwana wa Craven wa zaka 10, amene Mary anampeza m'cipinda cakutali potsata kulira kwa usiku.

Taonani nzeru ya mlembi. Munda unakhala wotseka zaka 10, ndipo Colin anali wa zaka zomwezo. Cotero munda uimira mwanayo: onse awiri anatsekeredwa ndi cisoni ca munthu mmodzi. Maluwa a m'mundamo anaoneka ngati akufa, koma Dickon, mnyamata wa kumudzi wodziwa zinyama ndi mbeu, anaceka nthambi ndi mpeni naonetsa Mary kuti m'kati munali mwauwisi. Momwemonso munali moyo mwa Colin, ngakhale anthu anali atamtaya mtima.

Cizindikiro cina ndico cithunzi ca amace a Colin, cimene cinali cophimba ndi nsaru m'cipinda cace. Maso a mwanayo anafanana ndi a amace, ndipo atate ace anabvutika kumpenya. Atayamba kupeza mphamvu, Colin anasiya cithunzico ciri poyera.

Nanga Colin anali munthu wotani? Anali waukali, wolamula anchito ngati mfumu, koma pansi pa ukaliwo panali mantha. Ciyambire ukhanda anamva akuru akunong'ona kuti adzamera linunda monga atate ace, ndi kuti sadzakula. Mau amenewa anamgoneka pakama kufikira miyendo yace inafoka. Amene anamthandiza ndiye Mary, mwana wouma mutu ngati iye. Usiku wina Colin akupfuula, Mary anamdzudzula, nayang'ana msana wace, namuuza kuti panalibe cotupa ciri conse. Pambuyo pace anamkankhira kumunda pa mpando wamagudumu. Kumeneko Ben Weatherstaff, mkulu wosamala minda, ananena zimene anazimva, kuti miyendo ya mwanayo ndi yopindika. Colin anapsa mtima, naimirira kuti amtsutse.

Koma pano ticenjere. Bukuli litha pamene Colin, alikuthamanga, agundana ndi atate ace pakhomo pa munda. Awerengi ambiri a masiku ano, makamaka olumala eni ace, adandaula nako kutha kotere, pakuti kucita ngati kunena kuti mwana akondweretsa atate ace pokhapo atacira. Colin anayenda cifukwa mafupa ace anali abwino. Mwana wopuwala ndi poliyo sangacire ndi mphepo yabwino ndi mtima wolimba zokha, ndipo kumuuza kuti angoyesetsa ndiko kumsenzetsa mlandu umene suli wace.

Cimene ciri coona m'bukuli ndi ici: tsiku loyamba Colin kulowa m'munda anali akali pa mpando wace, ndipo cimwemwe cinamfika asanaponde pansi. Anasowa anzace, dzuwa, ndi munthu womuuza zoona. Ngati pakhomo panu pali mwana amene mumtsekera m'nyumba alendo akabwera, kumbukirani kuti mfungulo iri ndi inu.