Chifukwa Chake Linux Imavuta Oyamba Kumene

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inaleka kupereka chisamaliro cha masiku onse kwa Windows 10. Makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11, chifukwa iyo imafuna zipangizo zina zimene makina akalewo alibe. Tsono makompyuta amene timawapeza m'sukulu zambiri ndi a mtundu womwewo: anagwirapo kale ntchito m'maofesi a kwina, nabwera kwa ife ngati mphatso. Munthu akafunsa chochita nawo, odziwa za makina sachedwa kuyankha kuti aikemo Linux, popeza njaulere ndipo imayenda bwino ngakhale m'makina okalamba. Yankho limeneli nloona. Koma amene amalipereka saima kutsogolo kwa ana 60 Lolemba m'mawa. Amene mudzaime pamenepo ndinu, ndipo nkofunika kuti mudziwiretu pamene ophunzira anu adzapunthwe, ndi chifukwa chake.

Tiyambe ndi kumasulira mau. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoyang'anira zina zonse, imene pa Chingerezi amati operating system. Ntchito yake ikunga ya kapitawo pa esiteti: imagawa ntchito, imasunga makiyi, ndipo imaona kuti wina asalowe m'ndime ya mnzake. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu otere, ndipo malemba amene anaipangira ndi chinsinsi cha eni ake. Linux ndi yotseguka: aliyense ali ndi ufulu wowerenga malemba ake, kuwasintha ndi kugawira ena. Maganizo amenewa anawalimbikitsa ndi Richard Stallman, amene analengeza ntchito ya GNU mu 1983. Ndipo mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata limene likudziwika ndi dzina loti Linux. Phata lomwelo ndi limene lili m'kati mwa foni iliyonse ya Android, imene mwana wa zaka zisanu amaigwiritsa ntchito popanda womuphunzitsa. Choncho phatalo tisaliimbe mlandu. Tiyang'ane nkhope imene makinawo amaonetsa kwa mlendo.

Makina osalankhula

Linux inatengera khalidwe lake kwa Unix, imene Ken Thompson ndi Dennis Ritchie anayamba kupanga ku Bell Labs, ku America, mu 1969. M'masiku amenewo munthu ankalankhula ndi kompyuta kudzera pa makina otayipira otchedwa teletype, amene ankadinda papepala zilembo khumi zokha pa sekondi. Chilembo chilichonse chinkadya nthawi ndi pepala. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene malamulo a Unix anakhalira afupiafupi: ls kuonetsa zimene zili m'foda, cd kusamukira ku foda ina, cp kukopera, mv kusuntha, rm kufufuta. Ndiponso malamulo ambiri akagwira bwino ntchito sanena kanthu; amalankhula pokhapokha pakalakwika. Makina otayipira aja anatha kalekale, koma mwambowo ulipobe m'kawindo kakuda kotchedwa terminal, momwe munthu amalembamo malamulo.

Katswiri amakondwera naye chete ameneyu, chifukwa samutayitsa nthawi. Kwa woyamba kumene ndi chilango. Inu mwaphunzira kale kuti mwana akayesa kanthu amafuna kudziwa msanga ngati wakhoza. Taganizirani tsono mtsikana wa Fomu 1 amene walemba lamulo lokopera fayilo, nadina Enter. Makina angomupatsa mzere wina wopanda kanthu. Iye ayesa kuti walephera, nabwereza katatu. Pena makina amufunsa mau achinsinsi. Alemba, koma pa sikirini sipakuoneka ngakhale kadontho, chifukwa terminal imabisa dala ndi kuchuluka komwe kwa zilembozo. Iye aganiza kuti kiyibodi yafa. Palibe chimene walakwa, koma pomatha phunziro watsimikiza mumtima mwake kuti makompyuta si a anthu onga iye. Chigamulo chimenechi chimavuta kuchifafaniza koposa cholakwa chilichonse cha m'kope.

Pali chinanso. Pa sikirini ya zithunzi munthu amaona zimene angasankhe, ndipo ntchito yake ndi kuzindikira chabe. Mu terminal ayenera kutulutsa lamulo lonse m'mutu, chilembo ndi chilembo. Kusiyana kwake nkonga kwa funso losankha yankho ndi funso lolemba chimangirizo. Ndipo makinawo sakhululuka. Fayilo yotchedwa Kalata ndi yotchedwa kalata ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mpata umodzi woikidwa posayenera umasintha tanthauzo la lamulo. Ndipo rm ikafufuta fayilo siiponya m'bini momwe mungakaitolenso. Yapita basi.

Chizolowezi chakale

Amene anazolowera Windows ali ndi vuto la mtundu wina, ndipo ambiri a inu muli m'gulu limeneli. Zala zake zinaphunzira kuti Ctrl ndi C ndiko kukopera. Mu terminal mabatani omwewo amaimitsa pulogalamu imene ikuyenda. Afunafuna C: ndi D: koma sazipeza, pakuti mu Linux mafoda onse amamera pa tsinde limodzi lolembedwa ndi kamzere kopendekeka, /, ndipo ngakhale fulashi imene walowetsa imaoneka ngati nthambi ya mtengo womwewo. Afuna Microsoft Word napeza LibreOffice Writer, imene imagwira ntchito yomweyo koma mabatani ake ali pena. Nthawi zinanso kalata yolembedwa mu Word imasokonekera maonekedwe ikatsegulidwa m'menemo. Munthu wotere akamati Linux njovuta, kawirikawiri akutanthauza kuti njosiyana ndi imene anaizolowera. Mwana amene sanagwirepo kompyuta alibe katundu ameneyu pamutu, ndipo musadabwe akadzakupitirirani.

Akuluakulu a m'maofesi nawo zimawasautsa. Mzinda wa Munich ku Germany unagamula mu 2003 zosamukira ku Linux, ndipo patapita zaka khumi makompyuta pafupifupi 15,000 anali atasamutsidwa. Koma mu 2017 khonsolo ya mzindawo inavota zobwerera ku Windows. Ndale zinalowapo ndithu, koma madandaulo a ogwira ntchito anali gawo la mkanganowo.

Ufulu wosintha nawo uli ndi mtengo wake. Popeza aliyense angatenge Linux ndi kuikonza mwa njira yake, pali mitundu mazanamazana: Debian ya mu 1993, Fedora ya mu 2003, Ubuntu ya mu 2004, Linux Mint ya mu 2006, ndi ina yambiri. Ubuntu anaiyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liu la Chizulu ndi Chixhosa lofanana ndi lathu lija loti umunthu. Woyamba kumene amauzidwa kuti asankhe asanadziwe chimene akusankha. Akafuna malangizo pa intaneti, sadziwa kuti Debian ndi Ubuntu zimaika mapulogalamu ndi lamulo la apt, Fedora ndi dnf, Arch ndi pacman. Atsata malangizo a mtundu wina, makina nakana, iye nadziimba mlandu.

Safunsa anadya phula, koma wofunsa naye ayenera kupeza womuyankha momveka. Buku la malangizo lili m'makina momwemo, ndipo limatsegulidwa ndi lamulo la man. Koma analemba ndi akatswiri pokumbutsa akatswiri anzao. Tsamba la ls lokha limatchula njira zoposa 40 zogwiritsira ntchito lamulolo, osanena kuti mlendo ayambire pati. Pulogalamu yolembera ya vi, imene Bill Joy anapanga mu 1976, pamodzi ndi mdzukulu wake Vim, munthu akayamba kulembamo saona khomo lotulukira: pofika mu 2017 funso la katulukidwe mu Vim linali litawerengedwa kokwana miliyoni imodzi pa Stack Overflow. Onjezanipo kuti mauthenga a zolakwa amabwera m'Chingerezi cha akatswiri. Wophunzira wathu akaona mau oti "Permission denied" amamva ngati wagwidwa akuba, pamene makina akungonena kuti fayiloyo nja wina.

Pokonzekera phunziro

Ambiri mwa mavutowa amachokera poti wophunzira alibe chithunzi m'maganizo cha malo amene ali. Katswiri akayang'ana kawindo kakuda amaona mtengo wonse wa mafoda, nadziwa nthambi imene wakhalapo. Woyamba amangoona mdima. Kumupatsa mndandanda wa malamulo 30 kuti aloweze kuli ngati kuloweza mlendo maina a misewu ya mu Limbe asanapondeko. Motero chithunzi chitsogole, malamulo atsate pambuyo.

Sankhani mtundu umodzi wa Linux, muuike m'makina onse, ndipo za mitundu ina musazitchule teremu yoyamba. Masabata oyambirira ana akhale pa sikirini ya zithunzi: kulemba kalata, kuisunga, kudzaipezanso mawa lake. Linux ya masiku ano imalola zonsezi popanda terminal, ndipo mphunzitsi wothamangira kawindo kakuda tsiku loyamba kawirikawiri amangofuna kuonetsa luso lake. Nthawi ya terminal ikakwana, jambulani mtengo wa mafoda pabolodi. Mungathenso kuujambula ndi phulusa pabwalo, mwana mmodzi nkumayenda pa nthambi zake pamene anzake akumulamula. Malamulo atatu akukwanira sabata yonse: pwd, limene limayankha funso loti "ndili pati?", ls, loti "muno muli chiyani?", ndi cd, losamutsa munthu kupita pa nthambi ina. Kenaka tsegulani mawindo awiri moyandikana, la zithunzi ndi la terminal, onse ali pa foda imodzi. Mwana akalemba mkdir Nyimbo, foda yatsopano imatulukira nthawi yomweyo pa windo linalo, ndipo chete uja wapeza womumasulira.

Zolakwa ziphunzitsidwe dala. Uzani kalasi yonse ilembe dzina la fayilo molakwika, muwerengere limodzi uthenga umene wabwera, ndi kuumasulira m'Chichewa. Mauthenga amene ana adzakumane nawo kawirikawiri ndi atatu: "command not found", "No such file or directory" ndi "Permission denied". Alembeni pa tchati pamodzi ndi matanthauzo ake, nkuipachika pakhoma. Wophunzira aliyense akhale ndi akaunti yake yopanda mphamvu za sudo, lamulo limene limapatsa munthu ulamuliro pa makina onse. Mukatero mungamuuze moona kuti palibe chimene angaononge koposa mafayilo ake omwe, ndipo mantha amachepa. Lamulo la rm lidikire kufikira mwana atazolowera kulemba pwd ndi ls asanachite china chilichonse. Akhale awiriawiri, wina kulemba, wina kuwerenga mokweza asanadine Enter. Paja ichi nchiyani nkulinga muli awiri.

Kuti mbali ya mphunzitsi njaikulu motani tingaone m'maiko awiri. Boma la Peru linagawa m'sukulu za pulaimale malaputopu zikwi mazanamazana a One Laptop per Child, oyendera Linux. Kafukufuku wa Inter-American Development Bank wofalitsidwa mu 2012, amene anatsata sukulu 319 za kumidzi, sanapeze kusintha pa kakhozedwe ka masamu ndi chilankhulo, ngakhale anawo anaphunzira kugwiritsa ntchito makinawo. Ku Kerala, m'dziko la India, ntchito ya IT@School imene inayamba mu 2001 inadzera njira ina: sukulu za boma zinapatsidwa mtundu umodzi wa Linux, mabuku a m'kalasi analembedwa motsata mapulogalamu omwewo, ndipo aphunzitsi anaphunzitsidwa kagwiritsidwe ntchito kake m'maphunziro ao. Sukuluzo zikugwiritsabe ntchito Linux.

Musanaike Linux m'makina a sukulu, iyeseni kuchokera pa fulashi. Mitundu yambiri imayenda motero popanda kukhudza zimene zili m'kompyutamo. Onani ngati Wi-Fi, mau ndi pulinta zikugwira ntchito, pakuti opanga zipangizo ena salembera Linux mapulogalamu oyendetsera zipangizo zao, ndipo vuto limeneli ndi la mphunzitsi, losayenera kufikira ana. Kumene intaneti njodula kapena kulibiretu, ikani mapulogalamu onse ofunika mukadali pamalo pamene ikupezeka. Ndipo phunziro lililonse muliyese nokha dzulo lake pa makina omwewo amene ana adzakhalepo, mutalowa ndi akaunti ya wophunzira, osati yanu.