Diso la malume si ng'ala

Kwathu kwa Dzoole diso likayera timangoti ng'ala. Malume anga laimu adawagwera m'diso akupaka nyumba, ndipo dokotala adati opaleshoni ya ng'ala singathandize. Chidapsa ndi kakhungu koonekera kokuta diso, pamodzi ndi maselo a m'mphepete mwake amene amakakonza kakatha.

Maselo otere asayansi tsopano amawalera mu labotale. Pofufuza, ena amawasintha majini kuti aziwala mobiriwira akayamba kusanduka a diso, n'kumawalondola ngati ziphaniphani usiku. Mu 2019 madokotala a ku Osaka, Japan, adaika kakhungu koleredwa mu labotale m'diso la mayi wina, ndipo adayamba kuona bwino.

Nditawafotokozera malume, adakhala chete kaye, kenaka adandifunsa ngati ku Osaka n'kutali kuposa ku Joni.